Mjigo Wopanda Mzere

Juliana anali atagwada m'tsinde mwa khoma la nyumba ya eni, akukanda laimu ndi kiyi wa sutikesi. Mwini nyumbayo, bambo Augustino, anaima kumbuyo kwake manja ali m'chiuno.

"Mayi, nyumbayi ndapaka dzana lomweli. Mwabwera kudzaona kapena kudzagumula?"

"Pepani bambo, ndikungoona," anayankha Juliana, koma dzanja silinaleke.

Mwamuna wake, Alick, anangoyang'ana kumbali ndi manyazi. Iye anali atangolembedwa kumene ntchito yothirira nzimbe kuesiteti, ndipo tsikuli anabwera ndi mkazi wake kuchokera kwawo ku Makhanga kudzafuna nyumba ya lendi pa Nchalo. Kuyambira m'mawa anali akuzungulira padzuwa la Okutobala, lija loti ngakhale mbuzi zimalimbirana mthunzi, ndipo nyumba iliyonse imene aonetsedwa Juliana ankachita zomwezi. Za chitseko, za denga, za chimbudzi sankafunsa n'komwe. Iye ankangolunjika pakhoma n'kugwada.

Wowaperekeza anali Gideon, msuweni wake wa Juliana, wakabaza wodziwa kanjira kalikonse ka pa Nchalo, munthu wa pakamwa posapuma.

"Msuweni, uzikanda pang'onopang'ono, ungatulukire kuchipinda," anatero atatsamira njinga yake.

Juliana sanaseke. Pansi pa laimuyo panayamba kuoneka mzere wakuda wa matope ouma. Anaulondola ndi chala mpaka pakona, kenako n'kuimirira. Mzerewo unkamulekeza m'maondo.

"Madzi anafika apa."

"Aaa, chaka chija chokha!" anatero bambo Augustino. "Ndani sanalowedwe madzi chaka chija? Anangolowa n'kutuluka tsiku lomwelo. Sanagone n'komwe."

Alick anamukokera mkazi wake pambali.

"Amake Pempho, tamverani. Mpope wa madzi ndi uwo, mukuuona ndi maso anu. Msika uli pakhomo, thobwa lanu muzigulitsa osatuluka thukuta. Lole ya kuntchito imaima pamsewu pomwepo. Mukufunanso chiyani?"

"Ndikufuna kugona tulo," anatero Juliana.

Alick ankadziwa kumene mawuwo achokera. Chaka chimene Ruo ndi Shire anadzakumana m'mudzi mwawo, iye anali ku Bangula kogulitsa mbatata. Madzi anamupeza Juliana ali yekha ndi Pempho, amene nthawiyo anali wakhanda. Anakwera mumtengo wa mango mwana ali kumsana, n'kudzimangirira kunthambi ndi mpango wakumutu, ndipo anakhala momwemo mpaka bwato litabwera. Mbuzi zake, chitseko cha nyumba yake, ngakhale mtondo wake wosinjira chimera anaziona zikudutsa pansi pake. Kuyambira pamenepo, mitambo ikangoda, ankamanga katundu m'chitenje n'kukhala pakhomo, mwana pamiyendo, maso ali panja. Mvula ikakhalitsa, iyenso ankakhalitsa osagona. Dzinja lililonse ankatha thupi moti chitenje chinkamuzungulira kawiri. Anthu anamupempherera, kuchipatala anapita, koma mantha sanachoke.

"Ngati ukufuna kumtunda, ndiye n'ku Malambe," anatero Gideon. "Koma ine kumeneko ayi, minga yake imadya matayala. Tsatani njira iyi, mukafunse kwa mayi Esinala. Ine ndathawa, makasitomala akudikira."

Anapalasa njinga n'kupita, ndipo awiriwo anayamba kukwera okha.

Ku Malambe kunali kutali ndithu, kwa fumbi, nyumba zake zotalikirana pakati pa mitengo ya malambe ndi minga. Alick ankayenda akupukuta thukuta ndi chipewa, koma Juliana ankayenda maso ali m'mwamba. Ankayang'ana m'nthambi ngati muli mapesi kapena mapepala apulasitiki osiyidwa ndi madzi, ndipo munalibe. Kenako anaona kanyumba ka zidina, kakalekale, denga litagwa koma makoma ali chiimire. Anakagwira ndi dzanja. Zidina zikaviikidwa m'madzi zimasungunuka, ndiye kanyumba kameneka kanamuuza zonse zimene ankafuna kumva.

Mayi Esinala anali amasiye, kwawo ku Marka, munthu wamng'ono thupi wolankhula motsitsa. Nyumba ya lendiyo anamanga ndi mwana wawo amene anapita ku Mozambiki, ndipo inali kuseri kwa yawo. Anawayalira mphasa, n'kulowa m'nyumba, n'kutuluka ndi chivwende chachikulu ndi mpeni.

"Dzuwa ili, ana anga, ziziritsani kukhosi."

"Takhuta, mama," anathokoza Juliana m'Chisena. "Koma ndifunseko. Madzi osefukira amafika kuno?"

"Kuno? Nkhabe, mwana wanga, safika. Ine ndakalambira pano, sindinawaonepo. Anthu akumunsi ndi amene amathawira kuno."

Juliana anakandabe khoma, poti dzanja linazolowera, koma sanapeze kanthu. Alick anamuona akupuma mozama, mapewa n'kutsika.

Potuluka anaona mjigo chapafupi, kungodutsa nyumba imodzi. Panalibe munthu, panalibe ndowa ngakhale imodzi. Mbuzi zokha zinali kunyambita simenti ya pamjigopo mwakhama, pamene panali zoyera ngati phulusa.

"Taonani mwayi!" anatero Alick. "Mjigo wopanda mzere! Amake Pempho, apa ndiye mwasankha."

Onse awiri anaziseka mbuzizo n'kudutsa. Abale, munthu wa ku Makhanga amadziwa kuwerenga madzi pakhoma, pamtengo, ngakhale pafungo la mphepo. Koma zolawa madzi a pamjigo iye asanalowe nyumba, angaziganize bwanji? Kwawo madzi ndi madzi basi, ukakumba padambo umamwa. Sanaganizenso n'komwe kuti m'chigwa chino mlendo amalandiridwa ndi chikho cha madzi moni asanathe, ndipo iwo analandiridwa ndi chivwende.

Anasamuka kumayambiriro kwa Novembala. Katundu atangotsitsidwa, Juliana anatenga ndowa n'kupita pamjigo paja akuimba. Anapopa, madzi n'kutuluka oyera bwino. Anatunga m'manja, n'kumwa, n'kulavula nthawi yomweyo. Anali mchere weniweni, wokanda kukhosi. Anapopanso kanthawi poganiza kuti mwina ndi dzimbiri la mapaipi, koma zinali chimodzimodzi.

Amayi angapo ankakwera njira ija, zigubu zachikasu zili pamutu, makosi atalowa m'mapewa. Mmodzi anaima.

"Ndinu alendo a kwa mayi Esinala? Amenewo timangotsukira mbale, mayi. Nyemba sizipsa, sopo sachita thovu. Akumwa timakatunga kumpope."

"Mpope uti?"

"Wa kuseri kwa msika uja, pafupi ndi nyumba ya bambo Augustino."

Juliana anakhala pansi pasimenti pomwepo. Nyumbayi anaisankha ndi iye, ndipo anaisankha molimba mtima, pamaso pa mwamuna wake.

Poyamba anayesa kulimba nazo. Ankalawirira kumpope, kuima pamzere, n'kukwera ndi chigubu chimodzi cha madzi akumwa, khosi likuwawa. Alick sanachedwe kudziwa, chifukwa ovolosi yake inkauma ili ndi mizere yoyera ya mchere. Vuto lenileni linali thobwa. Thobwa limadya madzi, ndipo munthu mmodzi sangakwere njira imeneyo kangapo n'kukafikanso pamsika makasitomala asanabalalike. Ndiye Juliana anaganiza zosakaniza, theka a kumpope, theka a pamjigo, n'kuwonjezera shuga. Chimera chake cha mapira chinali chabwino, ndipo ankakhulupirira kuti chibisa zonse.

Woyamba kugula anali Maclean, wootcha nyama ya mbuzi pakhomo la msika. Anapiga kapu yonse kamodzi, poti kunali kotentha, kenako anaima chilili akutafuna lilime.

"Mayi, thobwali ndi lakumwa kapena ndi ndiwo?"

Anthu anaseka. Wina analawa n'kupatsira mnzake, mnzakeyo n'kunena kuti lingosowa tomato ndi anyezi. Nthawi yomweyo Gideon anatulukira ndi njinga yake, n'kulanda kapu.

"Musamunyoze msuweni wanga, thobwa lake ku Makhanga anthu amalilondola pabwato." Anamwa, nkhope n'kusintha. "Juliana! Mjigo wa ku Malambe uwu! Kodi simunalawe musanalowe nyumba?"

"Iwe bwanji sunanene?"

"Ndimayesa mukudziwa! Pa Nchalo pano ngakhale mwana woyamwa amadziwa. Mjigo uli wokhawokha dzuwa lonse lija, inu osadabwa?"

"Ife timati ndi mwayi," anatero Juliana.

Gideon anasiya kuseka. Anamuthandiza kukhuthulira thobwa lonse m'ngalande, n'kumukweza panjinga mpaka pamene minga imayambira.

Atafika, Juliana sanalowe m'nyumba mwake. Analunjika kwa mayi Esinala, amene anali kupeta mapira pakhonde.

"Mama, tsiku lija munatidulira chivwende. Madzi akumwa munalibe?"

Lichero linaima. Mayi Esinala anayang'ana pansi.

"Analipo, mwana wanga, koma a m'chigubu. Ndinaopa kuti muona chigubu n'kufunsa kumene ndimatunga. Aliyense wobwera kudzaona nyumbayi amayamba wapita pamjigo, akalawa sabweranso. Inu munabwera n'kufunsa za madzi osefukira okha, ndipo ine mtima unati, awa ndiwo anga. Pano pamakhala zii, ndimalankhula ndi nkhuku. Ndinalakwa, sindikana."

Juliana anabwera atakonza mawu ambiri okalipa, koma onse anamuthawa. Anangokhala pakhondepo, n'kutenga lichero lina, n'kuyamba kuwathandiza kupeta, misozi ikugwera m'mapira.

Madzulo ake nkhani ya thobwa inali itamufika kale Alick kudzera kwa anzake a palole. Anapeza Pempho, amene tsopano anali kamtsikana kothamanga, akulirira madzi, chigubu chili gwa. Pamenepo mtima unamukwera.

"Amake Pempho, zakwana! Ine tsiku lonse ndimathirira nzimbe za eni madzi abwinobwino, kwanga mwana akulira ludzu? Geni yanu yafa. Khosi lanu likutha. Ndalankhula ndi bambo Augustino, nyumba ija ikadalipo. Loweruka Gideon abweretsa ngolo."

"Nanga mzere uja wapakhoma?"

"Mzere sumwedwa! Madzi ofika m'maondo kamodzi pa zaka zambirimbiri, n'chiyani chimenecho poyerekeza ndi kwathu? Ndinakumverani, taonani kumene mwatifikitsa."

Zimene ankanena mwamuna wake zinali zoona zokhazokha, ndipo n'zimene zinkamupweteka Juliana.

"Chabwino, bambo a Pempho," anatero. "Ndimanga katundu."

Ndipo anamangadi. Pofika Lachisanu m'mawa, mbale zinali m'dengu, zovala m'zitenje, mfundo zake zolimba ngati za munthu amene wamanga katundu kambirimbiri.

Tsiku lomwelo, chakumasana, kumwamba kunada mbali ya ku Mozambiki. Mphepo inanyamula fumbi, kenako mvula inakhuthuka, ija yoyamba ya mkokomo. Kuesiteti akapitawo anatseka madzi n'kuwauza othirira kuti azipita, poti ntchito yawo yagwiridwa ndi mitambo. Alick anatsika lole pamsewu n'kudzera kuseri kwa msika. M'tinjira monse munali madzi ofiira, olekeza m'kakolo, atanyamula makoko a nzimbe ndi mapepala. Ana ankasewera momwemo. Bambo Augustino anali panja ndi khasu, akutsegula ngalande, thumba la pulasitiki lili kumutu.

"A Alick! Mawa mukulowa eti? Awa musawaone, si madzi awa. Ikangokata mvula, aphwa."

Sankanama ayi. Alick yemwe ankaona kuti madzi otere sangaphe ngakhale mwanapiye. Koma anaima n'kuyang'ana mmene ankanyambitira sitepe ya pakhomo, kubwera n'kubwerera, kubwera n'kubwerera, ndipo anakumbukira kuti mkazi wake ali yekha kumtunda ndi mvula yoyamba ya chaka. Anayamba kuthamanga.

Njira yonse ankadziwa chimene akachipeze. Anali atachiona madzinja onse apitawa, Juliana ali pakhomo, mwana atamukumbatira mpaka kulira, maso ali tong'o, osamva ngakhale umuitane dzina.

Atafika anapeza chitseko chili pululu, pakhomo palibe munthu. M'mphepete mwa khonde munali mutandandalikidwa ndowa, mabeseni, mapoto, ngakhale mbiya yofululira thobwa, zonse zikulandira madzi otsika pamalata. Mayi Esinala anali pakhonde lawo, Pempho ali pamiyendo pawo akumwa madzi amvula m'kapu. Atamuona Alick anaika chala pamlomo, n'kuloza m'nyumba.

Analowa monyang'ama. Juliana anali pamphasa pakati pa katundu womangamanga uja, mutu atatsamira mtolo wa zovala, chitenje chonyowa m'munsi, dzanja limodzi lili tambasu. Malata ankasokosa moti munthu sukanamva mnzako, koma iye anali m'tulo, tulo tenitenti, kukamwa kuli pang'ono yasa. Bingu linagunda chapafupi. Anangotembenuka n'kupitiriza.

Alick anaima pamenepo madzi akudontha m'zovala zake. Anayesa kukumbukira tsiku lomaliza limene anaona mkazi wake akugona mvula ikugwa, ndipo analipeza kutali, Pempho asanabadwe. Chifundo chinamugwira, ndi manyazi omwe.

Mayi Esinala anabwera pakhomo n'kunong'ona.

"Itangoyamba anatuluka, ndimati athawa. Anazungulira nyumba yonse akuyang'ana pansi. Ataona kuti madzi onse akutsetserekera kumunsi, anayamba kutchera ndowa, akuseka yekha. Kenako anati, mama, ndigwirireni mwana, maso akulemera."

Mvula itayamba kuchepa, kunja kunamveka belu la njinga. Anali Gideon, atanyowa chonyowa, akukankha njinga yophwa tayala.

"Mlamu! Minga yanu ija yandilandira! Ndabwera kudzanena kuti ngolo ija ifika m'mamawa, ndiye musa..."

"Tsitsa mawu," anatero Alick atatulukira pakhonde. "Akugona."

"Ndani?"

"Msuweni wako."

"Juliana? Mvula ili pamalata chonchi?"

Alick anangogwedeza mutu. Gideon anasuzumira pakhomo, n'kubwerera, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire anasowa chonena.

"Wangoloyo ukamuuze asabwere," anatero Alick. "Ukapitenso kwa bambo Augustino, ukandipepesere. Ndiye undifunire njinga yakale, yolimba kaliyala, yonyamula zigubu zingapo nthawi imodzi."

"Mlamu, mukudziwa chimene mukunena? Ndiye kuti tsiku ndi tsiku kutsika ndi kukwera musanapite kuntchito. Dzinja mutchera yamvula, nanga chilimwe? Ndi minga imeneyi?"

"Undiphunzitsa kumata matayala."

Gideon anamuyang'ana, n'kupukusa mutu, n'kuseka chamumtima.

"Anthu a ku Makhanga inu! Chabwino. Koma thobwa loyamba la madzi abwino ndi langa, laulere."

Atachoka, Alick anavula nsapato zake zamatope n'kulowanso m'nyumba. Anagwada pa mtolo woyamba n'kuyamba kumasula mfundo, pang'onopang'ono kuti mbale zisagundane. Anamasula wachiwiri, wachitatu, n'kumabwezera chilichonse pamalo pake. Unatsala umodzi wokha, uja Juliana anatsamira, ndipo umenewo anausiya kuti adzamasule mwini wake akadzuka.